Mkuzi wa Mlongo Wanga ndi Mpeni wa Alamu

Lachiwiri lapitali ndikutseka chitseko cha eskola, sukulu imene ndimaphunzitsako, ndidangoona alamu anga aZakariya ataima pansi pa mtengo wa mapichesi, gombeza lawo atalimangirira kumbuyo kwa njinga. Mkamwini akamanga gombeza dzuwa lili paliwombo, musavutike ndi kufunsa. Kumudzi kwaipa.

"Alamu," adatero moni asanamalize, "ndabwera kudzakutulirani mlongo wanu. Ine basi, ndikupita kwathu."

Ndine nkhoswe ya Rozariya, mlongo wanga wamng'ono, ndiye nkhani zotere zimayambira pa ine. Ndidawauza kuti akhale pansi, iwo adakana. Adapisa dzanja m'thumba natulutsa kachingwe kakuda ndi thukuta, ka mfundo zingapo ndi timitengo tating'ono, kodulidwa pakati.

"Ichi ndachipeza m'chiuno mwake, wachibisa kunsi kwa mikanda. Ndachidula ndi mpeni wanga womwewu."

Amayi mukuwerenganu mwachizindikira kale. Abambo ena mukunamizira kusadziwa, ndiye ndikuuzeni: umenewu ndi mkuzi, chingwe chimene azamba amamanga m'chiuno mwa mayi kuti mimba ina iyambe yadikira.

"Mkazi womanga mimba mwamuna wake osadziwa akubisa chiyani?" adatero aZakariya. "Ine ndimachezera ku Domwe ndi matumba a mbatata, iye kuno akudzikonzera njira yoti asagwidwe. Mukundiyesa mwana ine?"

Ndinene zoona, magazi adandiwira. Mlongo wanga ndimamudziwa. Koma nkhoswe yofulumira kukwiya imapasula nyumba imene idaitanidwa kudzafolera, ndiye ndidawapempha kuti gombezalo ligone kwa ine mpaka Lachinayi, tikakumane ndi amalume awo ku Lifidzi, kumudzi kwathu.

Lachinayi tidakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe. Rozariya adakhala chapatali, khanda la miyezi yochepa lili pabere, mkulu wake wa khandalo, amene sanayambe n'kulankhula komwe, atakakamira nsalu ya amake. Ndidamufunsa kawiri, katatu. Iye zii, maso pansi, akutokosa dothi ndi kamtengo. Amalume a aZakariya adayamba kugwedeza mutu ngati kunena kuti mwaona nokha.

Amene adaswa nkhaniyo ndi aNangondo, mayi athu aang'ono, omwenso ndi azamba a m'mudzimo. Adali akusenga nyemba pakhonde, palibe amene adawaitana. Adangokankha lichero nabwera.

"Mkuziwo ndidamanga ndine. Nanga mukumupanikiziranji mwanayu? Inu aZakariya, tsiku limene adabadwa mwana uyu mudali kuti?"

"Ku Domwe."

"Mutabwera mudafunsa chiyani?"

"Ndidafunsa kuti mwana wanji."

"Eya. Tidati wamwamuna, inu mudapha tambala, mudagula ndi nsalu ku kantina. Zikomo. Tsono imvani zimene simudafunse."

Ndipo adanena zonse, pamaso pa ife amuna, osasiya kanthu. Kuti matenda adayamba m'mawa n'kufika tsiku lina mwana osatuluka. Kuti atabadwa, magazi adakana kuleka. Kuti adamunyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka ku misau ya ku Fonte Boa, kumene kuli chipatala cha mishoni, m'njira Rozariya adasiya kuyankha, aNangondo n'kumamumenya m'masaya kuti asagone. Anamwino a kumeneko adanena mosabisa kuti mimba ina ikabwera msanga, mayiyu sadzadzuka.

Ine mlongo wake weniweni zimenezi ndidazimvera pamphasa pomwepo. Adandiuza nthawi ija kuti Rozariya wapita kukabayitsa jekeseni wa malungo, ine n'kuvomera.

AZakariya adatembenukira kwa aNangondo. "Nanga bwanji simudandiuze?"

"Za m'chikuta saulula," adatero aNangondo. "Komanso adatiletsa ndi mkazi wanuyu."

Apa mpamene Rozariya adadzutsa mutu.

"Bambo a Tomasi, kuno mwana akavuta kubadwa anthu amati chiyani? Amati bambo wake adayenda kunja. Inu mumagona ku Domwe. Zikadamveka kuti ndavutika, mudzi wonse ukadati muli ndi mkazi kumeneko, achimwene anga awa akadakuimbani mlandu. Ine ndidadziwa kuti simudachite kanthu. Ndidati dzina lanu lisaipe."

Mwamva, abale anga? Mkazi adabisa imfa yake kuti anthu asamukayikire mwamuna. Mwamunayo, ataona chingwe, chinthu choyamba kubwera m'mutu mwake n'chakuti mkazi ali ndi chibwenzi. Ine zidandipweteka mpaka m'mafupa.

Tsono musathamangire kuwagenda alamu angawo. AZakariya si chilombo. Ndi munthu wolima, wosamwa, wokonda ana ake. Adachita zimene tidawaphunzitsa tonsefe.

Taonani mmene timachitira. Mnyamata akamakwatira timamulangiza za kulemekeza apongozi, za kufolera nyumba, za kusalowa kukhitchini kukawerenga nthuli. Za mimba timati n'za amayi. Tsiku lobereka timamuthamangitsa, apite akakhale ndi anzake, adzamva nthungululu. Akabwera timamupatsa mwana wosambitsidwa kale, wonunkhira mafuta, ngati wachokera m'sitolo. Magazi sadawaone, kulira sadakumve. Ndiye tikudabwa chiyani akamayesa kuti kubereka n'kopepuka ngati kukumba mbatata?

Ndipo mwana wachiwiri akabwera woyamba akadali pabere, timaloza ndani? Mayi. "Watumbiza," amatero amayi kumtondo, wina n'kuyambitsa nyimbo yomunyoza. Bamboyo ali pabwalo akusewera bawo, anzake akumuyamika kuti ndi mwamuna weniweni. Kodi mimba imeneyo mayiyo adaitola kudambo?

Makolo athu sadali opusa pa nkhaniyi. Adali ndi kudika: mwana akabadwa, bambo ankatenga mphasa yake n'kugona payekha mpaka mwanayo atalimba. Udali mtolo wa anthu awiri, ndipo mwamuna ankasenza mbali yake. Lero amuna timachoka miyezi, wina ku Halale, wina ku Beira, wina wagwidwa chibalo, wina ali pamsewu ndi malonda. Tikabwera timati masiku ndi ochepa, za kudika n'zachikale. Mwambo umene unkatimanga ife tidautaya, umene umatseka amayi pakamwa tidausunga.

Njira zilipo, ndipo ndizinene poyera, chifukwa kunong'ona ndi kumene kwatifikitsa pano. Kudika kulipo. Ku misau amaphunzitsa mabanja kuwerenga masiku a mwezi wa mayi, ngakhale kuti kwa mayi woyamwitsa, amene mwezi wake sunakhazikike, kuwerengako kumasokoneza. Obwera ku Halale amakamba za mibulu yakumwa tsiku ndi tsiku ndi mipira ya abambo. Apadiri zimenezo amakana, kuno sizipezekanso wamba, ndipo ine sindine woti ndikuweruzireni chikumbumtima chanu. Zimenezo mukakambirane ndi anamwino, ndi Mulungu wanu, koma choyamba ndi mnzanu wa pamphasa.

Za mkuzi, aNangondo andikhululukire, ine sindiukhulupirira. Ndikudziwa amayi amene adaima mkuzi uli m'chiuno, mfundo zonse zili bwinobwino. Akatero azamba amati mwina unanyowa, mwina unakhudza pansi. Moyo wa mlongo wanga sindingaupachike pa chingwe. Koma ndikumvetsa chifukwa chake amayi amathamangira kumeneko: ndi njira yokhayo imene safunika kupempha mwamuna.

Zinazo zonse zimafuna anthu awiri. Kodi mayi angadike yekha? Angawerenge masiku yekha, bambo akubwera ndi mowa m'mutu n'kunena kuti kalendala ndi ya azungu? Njira ngakhale ikome bwanji, m'nyumba imene anthu sauzana zoona imasanduka mlandu. Mayi aibisa, bambo aipeza, mpeni utuluka.

Ena mwa inu mukuti, aphunzitsi, ana ndi chuma, ndi mphatso ya Mulungu. Ndikuvomera ndi manja awiri. Ine ndili nawo, ndipo pa eskola pano ndimakhalira ana a anthu. Koma ndimawadziwanso amene amabwera ndi malaya ong'ambika kumsana chifukwa wowasokera adapita ndi mimba yachisanu ndi chiwiri. Bambo amakwatiranso chaka chisanathe. Mwana sapeza mayi wina kumsika wa Domwe.

Kwa inu amayi ndi azamba ndilinso ndi mawu. Mwambi wanu wa chikuta uli ndi malo ake. Sitikufuna kudziwa zonse, ndipo manyazi ndi abwino. Koma pamene moyo wafika pakhomo la manda, mwini nyumba auzidwe. Ndipo chikhulupiriro chakuti kubereka kovuta ndi umboni wa chigololo chitisiye. Chidatseka pakamwa Rozariya, ndipo chikutseka ena amene sitidzawamva chifukwa alibe aNangondo wokankha lichero.

Kwa ife abambo mawu ndi amodzi: safunsa adadya phula. Ukapeza chinthu m'chiuno mwa mkazi wako, uli ndi pakamwa. Mpeni ndi wodulira mbewu ya mbatata.

Tibwerere pamphasa paja. AZakariya adatembenukira kwa mkazi wawo. Kenaka adati, "Mayi a Tomasi, pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda," adatero aNangondo. "Chingwe mwadula. Tsono mumanga chiyani m'malo mwake?"

Amalume awo adati azamba angomanga china nkhani ithe. AZakariya adakana. Adati Loweruka apita okha ku misau, iwo ndi mkazi wawo, akamve ndi makutu awo zimene anamwino adanena, afunsenso zoyenera kuchita. Amalumewo adaseka mpaka kutsokomola. "Mwamuna kukakhala pa benchi la amayi oyembekezera? Akakuyesa wodwala mutu!"

Loweruka ndidawaona akudutsa pa eskola. Rozariya adali kumbuyo kwa njinga, khanda kumsana, aZakariya akukankha pachitunda, thukuta kamukamu. Anyamata a pa kantina adawakuwiza kuti alamu mimba yanu ndi ya miyezi ingati. Sadatembenuke. Madzulo adabwera kudzatenga gombeza lawo. Adandiuza kuti lipita ku Lifidzi, koma likagona pa mphasa yakeyake mpaka mwana ayende, ndipo zotsatira adzapangana awiriwo.

Ndidawafunsa ngati Rozariya wawakhululukira. Adayang'ana pansi.

"Wanena kuti za mpeni waiwala. Koma pobwerera wandiuza chinthu china. Akuti tsiku lija nditafika kuchokera ku Domwe, iye adali chigonere m'nyumba, akumva mawu anga panja. Adandimva ndikufunsa kuti mwana wanji. Ndiye adatchera khutu kudikira funso lachiwiri." Adamangirira gombeza lija panjinga. "Alamu, ine ndidapita kukagwira tambala."

Inu bambo mukuwerenga ndi ana ali pabwalo apo, tsiku limene adakuuzani kuti kwabadwa mwana, funso lanu lachiwiri lidali lotani?