Zala Ziwiri pa Mkono wa Sellah

A Martina a pa Ulongwe sakhulupirira munthu. Chimanga chomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu amayeza okha, ndipo akafuna kupita kuseri, ndowa yoyezera amapita nayo. Amuna awo a Bizwick, omwe amapalasa kabaza, akachedwa kufika pakhomo, mayiwa amayamba ayang'ana dothi la kumatayala asanapereke moni.

Chinthu chimodzi chokha chomwe amachikonda osachifunsa mafunso ndi timu yawo ya mpira wamanja. Anaiyambitsa zaka khumi ndi zisanu zapitazo kuseri kwa sukulu, zigoli zake malimu akale a njinga okhomera pa mitengo ya bulugamu. Ana awo obereka ndi aamuna okhaokha, choncho atsikana a pabwalopo ndiwo anali ana awo aakazi. Ankawaphunzitsa momwe anaphunzitsidwira iwo ali ku pulayimale: kuthamanga mpaka wina agwe, madzi osamwa, wodandaula aliyense ndi mlesi basi.

Itabwera kalata yowaitanira ku Balaka ku maphunziro a masiku atatu a makochi a ana, a Martina anaiwerenga katatu.

"Akufuna andilande timu," anauza amuna awo. "Aipereke kwa kamtsikana kena ka setifiketi. Ndipita, koma ndikupita kukawagwira."

Kumeneko anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, chikwama chili pamiyendo. Tsiku loyamba anangopenyetsetsa aliyense. Tsiku lachiwiri mphunzitsi wake, mayi wachitsikana ndithu, anafunsa kuti ndani mwana anamukomokerapo pabwalo. Manja anakwera ambiri. La a Martina silinakwere, koma mumtima anawerenga ana anayi. Kenako mphunzitsi uja anawaonetsa kuika zala ziwiri pa mtsempha wa pamkono ndi kuwerenga kugunda kwa mtima, mwana akangomaliza kuthamanga komanso akapuma. Anawaonetsanso kuyang'ana m'kati mwa zikope ndi m'manja ngati mwayera. A Martina anayesa pa mkono wawo, ndipo ngakhale mtima wawo womwe anaukayikira, mpaka anawerenga kachitatu. Manyazi anawagwira kwambiri. Zaka zonsezi akuliza wezulo, chinthu chaching'ono chotere osachidziwa!

Anabwerako ndi wotchi ndi kope. Madzulo aliwonse atsikana ankafola, iwo n'kumagwira mkono umodziumodzi, maso pa wotchi, milomo ikunong'ona manambala, kenako n'kulemba.

Tsono pa Ulongwe maso ndi ambiri, ndipo mphekesera za anamapopa, zija zinasowetsa anthu tulo zaka zapitazo, sizinafe, zinangogona. Munthu wapita kuboma masiku atatu, wabwerako ndi wotchi yatsopano, akugwira ana pamtsempha penipeni n'kumalemba mayina. Akulembera ndani? Funsoli linayambira pachigayo, pofika pasiteji ya minibasi linali litapeza kale yankho.

A Martina anazimva, koma mutu wawo unali pa Sellah, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, woponya zigoli wawo. Anzake akapuma, mtima unkatsika. Wa Sellah unkangothamangabe, ndipo m'zikope mwake munali mbuu. Mwana yemweyu anali atamutchula mlesi chaka chonse. Anapita kwa amayi ake, a Dorica, n'kuwapeza akutonola chimanga pakhonde.

"Amake Sellah, mwanayu mupite naye kuchipatala. Akamuyeze magazi."

A Dorica anasiya chitsononkho. "Magazi a mwana wanga mwawadziwa bwanji inuyo?"

"Ndinaphunzira ku Balaka."

"Eya. Ku Balaka komweko."

A Dorica anapita naye ndithu, osati chifukwa chomvera, koma kuti akapeze umboni woti mwana wawo wapopedwa magazi. Kuchipatala anati magazi achepa kwambiri, ndipo chowamaliza ndi likodzo lomwe mwanayo analitenga posamba kumtsinje, n'kumabisa chifukwa cha manyazi. Anamugoneka masiku angapo. Koma nkhani poyenda imataya katundu wolemera panjira. Yomwe inafika pamsika inali yaifupi: mwana wa kwa kochi uja wapezeka alibe magazi.

Atsikana anali khumi ndi asanu ndi atatu. Lolemba anabwera anayi, Lachitatu palibe ndi mmodzi yemwe. Wina anazula limu limodzi n'kuliponya m'tchire. Pa chimanga anthu ankadutsa ngati pali njoka. A Bizwick anachonderera kuti kope lija alitenthe anthu akuona, zithe.

"Iyayi, bambo," anatero a Martina. "Ndikalitentha ndiye kuti ndavomera."

Chomwe chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mantha a anthuwo iwo ankawamvetsa. Akanakhala kuti ndi mayi wina wabwera ndi wotchi n'kumagwira ana, woyambitsa nkhaniyo pachigayo akanakhala iwo. Limu lija analitola n'kulikhomanso. Madzulo aliwonse ankapitabe kubwalo, n'kukhala pansi pa chigoli mpaka dzuwa kupendeka, mbuzi zikudya udzu pamalo pomwe pankaima ana awo. Kulira ankalira, koma akaona munthu akubwera ankanamizira fumbi.

Patatha mwezi, a Dorica anatulukira pabwalopo, Sellah ali pambuyo, nkhope itabwerera mwakale. A Martina anaimirira, maso akufufuza ngati kuseri kwa sukulu kwabisala anthu ena.

"Sindinabwere kudzapepesa," anatero a Dorica.

"Sindinakufunseni."

"Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono, tikanalira maliro. Ndamva. Mwanayu akundisowetsa mtendere, akufuna mpira wake. Koma dzanja lanu pa mkono wake, iyayi. Mundionetse, ndizimugwira ndekha."

A Martina anafuna kupsa mtima, koma anaona kuti iwonso akanatero. Anatambasula mkono wawo, n'kuikapo zala ziwiri. "Apa, pansi pa chala chachikulu. Osafinya."

"Ndipo akuti mwezi wamawa mukupitanso ku Balaka."

"Ndikupita. Kwatsala za mwana akavulala bondo kapena akagunda mutu. Zomwe sindikuzidziwa ndi zambiri, amake Sellah, ndipo zandiopsa."

"Tipitira limodzi. Ndikaone ndi maso anga anthu amene akukutumaniwo."

"Mukakhale kumbuyo, pafupi ndi khomo. Pamaoneka zonse."

Sellah anathamanga kuzungulira bwalo kawiri, n'kubwera kudzapereka mkono kwa amayi ake. A Dorica anafufuza ndi zala, kuphonya, kufufuzanso. Kenako anaupeza mtsempha uja. Pansi pa zala zawo panali kanthu kakugunda, kolimba, kosaphonya, kamene kanatsala pang'ono kuleka iwo ali pakhonde kutonola chimanga.

"Werengani," anatero a Martina.

"Ndasokoneza," anayankha a Dorica. "Dikirani kaye ndingoumva."

A Martina, omwe sanabwerekepo munthu ngakhale singano, anavula wotchi ija n'kuiika m'dzanja la a Dorica. Koma nsonga ya lamba wake anaigwirabe.