Kadontho Kofiira pa Ramu ya Armando

Armando mnzanga, lero chakwana chaka chikuikire m'manda, ndipo kompyuta yako ya magemu, imene mayi ako anandipatsa kuti ndisunge, yandiululira zonyansa. Chibwerereni kwathu imangozima mpira uli pakati, sikirini n'kusanduka yabuluu. Ine ndinkanamizira magetsi a ku Milange kuno. M'mawa uno ndakumbukira tsiku lija inachita zomwezi tili kwanu, iwe n'kundiseka: "Magetsi akulakwira chiyani, aise? Vuto ndi memole, timatabwa tiwiri ta m'katimu totchedwa ramu. Zula ramu imodzi, uyese inzakeyo payokha. Yodwala idziulula yokha." Unapukuta timano take tagolide ndi labala ya pensulo, kenako unadontheza pa ramu zonse ziwiri utoto wofiira umene mlongo wako amapaka kuzikhadabo, ati okonza asadzakusinthire.

Ndachita momwe unandiphunzitsira. Imodzi ili ndi kadontho kako ndipo ikugwira bwinobwino. Inayo ilibe. Ndi yakale, yothimbirira, yosagwirizana n'komwe ndi inzake. Kompyutayi sinapiteko kwa wokonza aliyense. Ndinaitenga kuchipinda kwako tsiku lotsatira maliro, ndipo m'chipindamo munkalowa abale okhaokha. Ndiye kuti ife tikuimba panja, wina wolira nafe anali m'kati ndi sikuludiraiva akusintha ramu yako, osapupuluma, mpaka anabwezeretsa zomangira zonse m'malo mwake. Ndalavula malovu, Armando. Mayi ako sindiwauza, analira kokwanira. Yachilendoyo ndaiponya m'chimbudzi. Yako yatsala yokha, mpira ukuyenda mwaulesi, koma chiyatsireni kompyutayi sinazime.