Tsiku lomwe ndinavina ndi nsalu ya patebulo

Mwana wanga wamkazi atalembedwa ntchito yoimira boma pa milandu ku Bradford, ndinachita ngati ndapenga. Ndinaimbira foni aliyense, ngakhale amene sitinkalankhulana. Loweruka ndinaitana amayi a kutchalitchi, n'kutulutsa m'sutikesi nsalu ya chipani yomwe ndinachoka nayo ku Malawi, nkhope ya mtsogoleri ili kumbuyo kwenikweniko. Ndi nsalu yomwe ndimavina nayo bwino.

Nthungululu zili pakamwa, mafoni ali m'mwamba, ndinamukoka mwanayo kuti tijambulitse. Anandipulumuka n'kuthawira kukhitchini.

"Amayi, ntchito yangayi salola kuti ndizioneka ngati wa chipani. Chithunzichi chikafalikira, woimbidwa mlandu adzandikhulupirira bwanji?"

"Chipani cha kumudzi? Azungu akuchidziwa?" ndinamufunsa.

"Vulani basi, amayi."

Ndinaitembenuza nsaluyo, koma nkhope ija inkaonekabe, ikumwetulira. Anzanga anaseka mpaka misozi. Ndinakutumula nsalu yamaluwamaluwa ya patebulo, n'kumanga m'chiuno, gule n'kuyambiranso.

Kwathu ndinaona anthu ambiri akupeza ntchito chifukwa cha nsalu ya chipani. Wangayu anaipeza ndi mutu wake. Chithunzi chathu chili pakhoma, ine nditavala maluwa a patebulo, mano onse pamtunda.