Ndege Inawadutsa Pamutu aSikelo

Pabwalo lathu la ndege pali kanyumba kamodzi, mabenchi awiri ndi sikelo yachitsulo. Ine ndimasesa pamenepo. Bambo amene amayeza anthu ndi zikwama zawo tonse timangowatcha aSikelo.

Kandege kathu n'kakang'ono, sikafuna kulemedwa. Ndiye aliyense, kaya wavala suti kaya wabereka mwana, amayamba wakwera pasikelo. ASikelo pantchito sadziwa m'bale. Singano ya sikeloyo ikapitirira malire, basi, wina atsale.

Kuchoka kuno kukatera pabwalo la kuseri kwa mapiri, komwe kuli chipatala chachikulu, ndi mphindi makumi anayi zokha. Tiyi wam'fulasiki amakafika akadali wotentha. Pamsewu ndi nkhani ina, nthawi ya mvula munthu amagona m'njira.

Akazi a aSikelo anali mayi wathupi lake, wokonda kuseka. Akabweretsa chakudya masana, aSikelo ankawanyogodola: "Amayi, musayandikire sikelo yangayi, mundithyolera."

"Wakuuzani ndani kuti ndikufuna kuuluka?" ankayankha choncho, n'kuwatsegulira mbale.

Kenaka amayiwo anayamba kudwala m'mimba. Anavutika chilimwe chonse, mpaka adokotala a kuno anati apite kuchipatala chachikulu msanga. Tsiku laulendo sankatha kuima, ndiye aSikelo anawanyamula m'manja n'kukwera nawo pasikelo. Atachotsapo kulemera kwawo, chotsalacho chinali cha mwana wasukulu.

Mpando wina unalipo wopanda munthu, koma singano inali itafika kale pamalire. Ndinawanong'oneza: "Achimwene, tsinzinani diso limodzi mukwere nawo. Adziwe ndani?"

"Mlongo wanga, m'ndegemu muli ana a eni," anatero. Ndinapsa mtima, sindibisa, ndipo mpaka pano sunandiphwe bwinobwino.

Anawakweza akazi awo m'ndege n'kuwafunditsa jekete lawo. "Tsogolani amayi, ndikupezani." Iwo anathamangira lole yapamsewu.

Loleyo inatitimira m'matope pakati pa mapiri, kumene foni sigwira. M'mawa mwake anamva kandege kathu kakubwerera kuno. Kulira kwa injini yake amakudziwa ngati chifuwa cha mwana wawo. Akuti anavula chipewa n'kumakabayibitsa, akuuza anzawo apaulendo kuti, "Kamene kanakatula amayi dzulo ndi kameneka."

Osadziwa kuti amayiwo anali momwemo. Anamwalira atangofika kuchipatala, ndipo woyendetsa ndege, pomvera chisoni mnzake wapantchito, anachotsa mipando iwiri n'kuwabweza kwawo. Ndinawalandira ndine, tsache lili m'manja. Tinawaimbira foni aSikelo mpaka batire kutha, koma osalowa.

ASikelo anapitiriza ulendo, n'kukapeza pabedi la kuchipatala pagona munthu wina. Pobwerera anapeza madzi atakokolola mlatho. Kunja kunali kotentha, ndipo abale anadikira mpaka pamene sakanathanso kudikira. Bambo aja anafika matope mpaka m'mawondo, maliro titaika kale. Ndinangowapatsa jekete lawo lija.

Mpaka lero akadali pasikelo pomwepo, ndipo ndege sanakwerepo. Mlendo akafunsa kuti kuseri kwa mapiri n'kutali bwanji, amayankha mwaulemu kuti, "Mphindi makumi anayi," n'kumulozera poti aime. Koma kandege kakamveka kuti kakubwera, enafe timatuluka kukakachingamira. Iwo amatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana kukhoma mpaka injini itazima.