Manja a Mayi wa pa Chithunzi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene kalasi yathu ya ku Peckham, mu London, inapita ku holo ina yaikulu kukaona zithunzi zakale zopenta. Aphunzitsi anandiuza kuti ndizimasulira Chikondi, mtsikana amene anali atangofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Analakwitsa ndi iwowo, osati ine.

Tinaima pa chithunzi chachikulu cha mayi wina wochita zisudzo, wovala diresi yakuda, nkhope ili mbuu, maso ali m'mwamba ngati wangomva uthenga wa maliro. Ndinanong'oneza Chikondi m'Chichewa kuti mayiyo anafera pampando pomwepo akumujambula, ndipo amatsika kudzatenga mwana aliyense wophethira pamaso pake. Chikondi anatong'ola maso mpaka misozi kulengeza. Atangophethira, ndinamugwira pakhosi ndi zala zanga zozizira. Anakuwa, n'kugwetsa chitsulo chomangapo chingwe chotchinga chithunzicho. Phokoso lake linadzaza holo yonse.

Mlonda anabwera, wailesi yolankhulirana ili m'manja. Amayi anga ankatichenjeza tsiku ndi tsiku kuti mapepala athu okhalira kuno sanatuluke, choncho dzina lathu lisamveke kupolisi. Ndinawaona m'maganizo akuvula yunifolomu ya kuchipatala, tonse tikukwezedwa ndege chifukwa cha ine.

"Iwe," anatero mlondayo m'Chinyanja cha ku Zambia, "ati anafa bwanji?"

Anali atamva zonse.

"Yang'ana bwino, uniuze vamene uona. Ukanama futi, niitana." Anakweza wailesi ija.

Ndinayang'anitsitsa chithunzicho, koyamba chifikire.

"Akulira, bambo."

"Nanga manja?"

Manjawo anali phee pamiyendo, chala chimodzi chikuseweretsa mkanda ngati munthu wodikira basi. Pamaliro a agogo anga palibe amene anagwirapo chinthu motero.

"Sakulira ayi," ndinatero. "Akunamizira."

Anabweza wailesi m'chiuno, n'kudzutsa chitsulo chija. "Ni nchito yake iyo. Iwe nkhope unaikwanisa, koma mapewa anali kuseka. Pepesa mnzako."

Ndinapepesa. Amayi sanamve mpaka lero.

Tsopano ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti munthu sungamumvetse poyang'ana nkhope yokha. Wojambula uja ankadziwa kuti mayiyo akungochita sewero, ndipo anatisiyira manjawo dala. Kuopseza anzanga sindinasiye, ndisanamepo. Kungoti mapewa ndimawagwira bwino masiku ano, ndipo ndisanayambe bodza m'Chichewa mu London muno, ndimayamba ndapereka moni kwa mlonda, ndimve mmene ayankhire.