Waya wa Nakaonga

Wailesi itachenjeza kuti kukubwera mphepo yamkuntho, anthu amange madenga ndi kudula nthambi zolendewera pa nyumba, ine mtima unali m'malo, poti mwana ndili naye. Yotamu wanga ndi kalipentala ku boma. Ndinadikira. Kenaka mayi wina wogulitsa nyemba anandiuza, uku akuseka, kuti wamuona Yotamu ali padenga la apongozi ake, Nakaonga. M'mawa mwake ndinamanga chitenje n'kunyamuka pa Chisenga mame asanaume.

Matola ake inali lole yodzaza matumba a chimanga. Kondakitala anati zikwi zisanu. Ndinamuuza kuti ndine wopepuka ngati nkhuku, iye n'kuti nkhuku nazonso zimalipira. Anandikhazika pa thumba.

Kumbuyo kwathu mapiri a Mafinga anali atafunda mitambo yakuda bii. M'njira monse amuna anali pamadenga, wina akusanja miyala pa malata, wina akukweza matayala akale, wina akumanga udzu ndi luzi. Aliyense ndinkamuyang'anitsitsa: kodi uyu ndi mwana wa pakhomopo, kapena nayenso ndi wobedwa kwa amake?

Dzuwa litakwera injini inatentha, tinaima pa kamsika kena. Ndinagula nthochi yootcha ndi vitumbuwa viwiri. Bambo wina wa kumwera, wogulitsa kaunjika, anandipatsa "monire mama" wake wokhota, n'kufunsa za ulendo. Ndinati ndikukaona wodwala. Sindinaname kwenikweni. Mwana woiwala bere ndi wodwala.

Masana tinalowa m'boma. Nyumba ya Nakaonga ndi ya njerwa zootcha, mawindo agalasi. Pamwamba pake ndi uyo Yotamu. Mawaya anali atadutsa pa malata kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo, nsonga zake atazimangirira ku miyala yokwiriridwa pansi. Ntchito yokongola, ndisaname. Koma manja amenewo ndinkawasambitsa ndine.

Nakaonga anagwada pondilandira, n'kundibweretsera tiyi wamkaka. Ndinamwa ndikufunafuna cholakwika. Shuga anali wokwanira.

Yotamu anatsika, maso pansi, n'kuti amaganiza zobwera mawa.

"Mphepoyo munagwirizana nayo kuti ikudikire?" ndinatero.

Nakaonga anati ndingogona konko mpaka mphepo idutse, nyumba yalimba. Ndinayankha kuti mbuzi zanga sizinazolowere kugona kwa eni. Apo ndinakonza khosi, mawu amene ndinabwera nawo kuchokera ku Chisenga anali atafika kale pa lilime. Koma mayiyo anatembenukira kwa mkamwini wake.

"Bambo, tengani waya watsalawu, umene unali wa khitchini, mupite ndi amayi anu. Khitchini yanga ndi yongophikiramo. Asebele angawa, amayi anuwa, kwawoko amagonamo."

Ndinapitira mkangano, ndinapatsidwa waya.

Tinabwerera pa lole yomwe ija, Yotamu atakumbatira mkombero wa wayawo. Kutacha anakumba maenje, kukwirira miyala, kukoka waya mpaka unalira, n'kudula nthambi ya mango imene inkakhudza denga. Chakumadzulo mphepo inafika. Nthochi zinagona, dengu langa linauluka sindinalionenso, malata ankachita ngati akufuna kunyamuka, koma waya unakana.

Sabata isanathe tinamva kuti denga la khitchini ya Nakaonga linakatera m'munda wa anthu ena. Ndinati pepa, ndipo pakamwa panga panandivuta pang'ono kuti pasamwetulire. Chimwemwecho sichinakhalitse. Ku chigayo, ku mjigo, kutchalitchi, nkhani ndi imodzi: mayi wa ku boma wamtima wabwino amene anataya khitchini yake kuti nkhalamba ya ku Chisenga igone pouma.

Ndiye ulendowu unandiphunzitsa kuti munthu wabwino ndi woopsa kulimbana naye. Denga ndi langa, mwana ndi wanga, koma wogweredwa ngozi ndiye wapambananso. Pano ndikunenepetsa tambala woti ndikamupepese naye, ndipo ndikufuna akhale wamkulu kuposa aliyense amene anamuonapo.