Rahel, Amene Anakalamba Akutchedwa Watsopano

Mayi Rahel, amene tinawaika m'manda Khrisimasi yapitayi itatsala pang'ono, anabatizidwa patchalitchi chathu chino ali khanda, anakwatiwira pomwepano, ana awo anawabatiziranso pomwepano, komabe mpaka tsiku la maliro awo anthu ankawatchula kuti Mkhristu watsopano. Munthu wa imvi mbuu, mano atatha mkamwa, watsopano! Ndi mmene timatchulira kuno ku Kuttanad, dera lathu la madzi ndi mabwato, aliyense amene makolo ake anali akapolo a m'minda ya mpunga, kuopa kumusokoneza ndi mabanja akale, aja amati makolo awo anabatizidwa ndi manja a Mtumwi Tomasi.

A Rahel anabadwira m'kanyumba ka masamba a kokonati, pamtumbira wotchinga madzi kuti asalowe m'minda ya banja lakale la Kaithara. Bambo awo a Chothi ankapalasa ndi mapazi gudumu lochotsera madzi m'mindamo, ndipo ndiwo anali oyamba kubatizidwa pamtundu wawo. Amayi awo a Chothiwo, agogo a Rahel, anagulitsidwa pamodzi ndi munda ali kamtsikana, osadziwa kumene anachokera, ndipo dzina la bambo wa mwana wawo anafa nalo. Mabanja akale ali ndi dzina la nyumba limene limatsogolera dzina la munthu, ndipo ana awo amatchula agogo a agogo awo ngati akuimba nyimbo. A Chothi akafunsidwa za makolo awo ankangoloza madzi.

Masiku amenewo atsopano sankalowa m'tchalitchi, ankaima pakhonde. Lamulungu lomaliza Khrisimasi isanafike, mpingo wathu umawerenga mndandanda wa makolo a Yesu. Nthawi ya Uthenga ikakwana belu limalira, anthu onse amadzuka, ana amalira, ndiye pofika poti phokoso lizilale wapakhonde amapeza wansembe ali kale pakati: uje anabala uje, uje anabala uje. A Rahel, ali kamtsikana, anakoka nsalu ya bambo awo.

"Ababa, akuitana ndani?"

"Akutchula abale a Yesu. Khala chete."

Mwanayo anatchera khutu kudikira dzina loti Chothi. Silinamveke. Potuluka anafunsa mokweza chifukwa chake, ndipo a Sosamma, akazi a mwini minda, anamva.

"Iwe mwana wa Chothi, umadikira dzina lakwanu?" anatero akuseka. "Mmenemo mumalowa anthu odziwa agogo awo. Tsiku lomaliza Mulungu adzaitana nyumba ndi nyumba. Inu adzakuitanani kuti chiyani? Matope?"

Amayi amene anali pamenepo anaseka. A Chothi anawerama nati, "Zoona, mayi, zoona," n'kumukoka mwanayo. A Sosamma mwina anaiwala mawuwo asanafike pabwato lawo. A Rahel anawasenza moyo wawo wonse. Kuyambira tsiku limenelo ankaopa chinthu chimodzi: kuti tsiku lomaliza adzaima kudikira, maina n'kutha, iwo osaitanidwa.

Anakula akudzala mpunga madzi akulekeza m'chiuno, akudya phala la mpunga limene eni minda ankawathirira patsamba m'kadzenje pansi, kuopa kuti angadetse mbale. Anakwatiwa ndi a Devasia, munthu wofatsa amene anamira chaka cha chigumula chachikulu n'kuwasiyira ana atatu. Awiri anafa ndi matenda a m'mimba, anatsala Pathrose yekha. Pa zonsezi palibe anawamva akunyoza Mulungu. Loweruka lililonse ankasesa bwalo la tchalitchi. Madzi akasefukira ndiwo ankapalasa bwato kukatenga wansembe kuti odwala asafe osadzozedwa. Chinangwa chikakhala chochepa ankati adya kale.

Ntchito imene tonse tikuwakumbukira nayo ndi yosambitsa maliro. Watsopano aliyense akamwalira, amene ankaitanidwa anali a Rahel. Akamaliza kusambitsa ankawerama pakhutu pa wakufayo n'kumunong'oneza dzina lake ndi la bambo ake: "Ndiwe Kunjol, mwana wa Thevan. Usaiwale akakakufunsa." Akapeza wakufa wosadziwika bambo ake, ankatha masiku osadya bwino.

"A Rahel inu," ankawaseka anzawo, "mwati kumwamba kuli kalaliki wofunsa maina?"

"Ine sindinapiteko," ankayankha. "Inu munapitako liti?"

Kamodzi kokha analimba mtima kufunsa wansembe wina ngati munthu wopanda makolo odziwika angawerengedwe m'banja la Yesu. Wansembeyo anali kuthamangira kuchakudya. Anati, "Pempherani, mayi, musamaganize zambiri." A Rahel anapempheradi, koma kuganiza sanasiye.

Pathrose atakula analowa bungwe la antchito a m'minda, nasiya kupemphera. Mtima wake unali wapachala, ndipo pazimene ankanena panalibe bodza.

"Amayi, mwasesa bwalo lija zaka zonsezi, alipo anakupatsani moni wapamanja? Ine mwana wanu, ana asukulu a kwa Kaithara amanditchula dzina ngati ndine mnzawo. Watsopano, watsopano! Tidzakalamba liti ife?"

"Sindisesera iwowo, mwana wanga."

"Nanga mumasesera ndani? Mulungu wofunsa dzina la nyumba?"

Pamenepo mwana wawo anagunda pachilonda penipeni. Kumbuyo kwawo kunalibe maina, kutsogolo mwana wathawa. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mdzukulu wawo Omana, mwana wa Pathrose, abatizidwe. Pathrose analola, koma tsiku la ubatizolo iye anatsala padoko la mabwato, osafika kutchalitchi.

Nthawi zinasintha. Atsopano analoledwa kulowa m'tchalitchi, kumbuyo kwenikweni. Koma pofika nthawiyo makutu a Rahel anali atayamba kugontha, ndipo Lamulungu la maina lija likafika ankafunditsa nsalu kumutu n'kumapemphera chamumtima mpaka Uthenga utha, thukuta lili kamukamu. Kuwerenga sankadziwa. Omana ankawawerengera Baibulo madzulo aliwonse, koma tsamba loyamba la Mateyu, pamene pali maina aja, ankamukaniza.

Chaka chathachi miyendo inakana, anagona pamphasa. Lamulungu lomaliza Khrisimasi isanafike, belu linalira kutsidya kwa madzi, Omana n'kuwauza kuti anthu alowa. A Rahel anayamba kupotokola nsonga ya nsalu.

"Lero ndi tsiku la maina lija," anatero. "Tenga Buku undiwerengere. Ngati mulibe malo anga, ndipite ndikudziwa."

"Agogo, zotopetsa zimenezo, ngakhale ansembe amazithamangira. Ndikuwerengereni za abusa ndi angelo."

"Iwe, ndati werenga."

Omana anagwada, nakuwa pakhutu pawo: "Abrahamu anabala Isake."

"Wadumpha."

"Sindinadumphe, agogo."

"Yambira poyamba penipeni. Amene anabala Abrahamuyo ndani?"

"Sanalembe."

"Maso akowo ndi a nsomba youma? Yang'anitsitsa."

"Palibe, agogo! Mzere ukuyambira pa iyeyo."

A Rahel sanakhulupirire. Ankaganiza kuti mdzukuluyo akuwanyengerera monga timachitira ndi odwala. Masana omwewo kunabwera Abambo Skaria, wansembe wachinyamata wochokera m'banja lakale, kudzawadzoza mafuta. Asanatsegule n'komwe kabotolo, a Rahel anawagwira dzanja.

"Abambo, musandinamize, ndine wapaulendo. Bambo ake a Abrahamu anali ndani?"

"Kwina analemba kuti anali Tera," anayankha wansembeyo mokweza, "koma ankapembedza milungu ina. Abrahamu ndiye anali woyamba kuitanidwa m'nyumba mwawo."

"Woyamba? Makolo ake osapemphera?"

"Osapemphera, mayi."

"Kodi! Ndiye kuti anali watsopano?"

Abambo Skaria anayang'ana pansi. Kenaka anati, "Inde, mayi. Anali watsopano."

A Rahel anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsikira m'makutu, Omana akuwasisita pamsana. "Mzere wonse uja, mafumu onse aja, mpaka Yesu mwini wake, kuchokera kwa watsopano! Ndiye ine ndimaopa chiyani? Kungoti pakhonde paja chiyambi sichinkamveka."

Chiyambi sichinkamveka. Wansembe aliyense amene anadutsa m'parishi muno ankachidziwa, aphunzitsi a katekisimu ankachidziwa, a m'mipando yakutsogolo ankachimva chaka ndi chaka. Chiganizo chimodzi chikanamasula mayi ameneyu akadali mtsikana, koma palibe anaona kuti wapakhonde n'ngoyenera kumufotokozera. Tisamanamizire Mulungu mantha amene tinawapatsa ndife.

Masiku otsalawo a Rahel anali munthu wina. Anadya phala, anapempha nsomba yophikira tsabola, anagona tulo ngati khanda. Anatumiza mawu kwa Pathrose, amene tsopano naye ali ndi imvi. Anabwera, nakhala pakhomo chipewa chili m'manja.

"Sendera kuno, wamakani iwe," anatero amayi ake. "Ndamva nkhani. Agogo ako a Chothi ndi Abrahamu wa nyumba ino. Ine ndine Isake. Iwe ndiwe Yakobo."

"Amayi, mwayamba kubwebweta."

"Yakobo, yemwe uja analimbana ndi Mulungu mpaka kum'bandakucha. Sindikukuletsa kulimbana naye, zifukwa uli nazo. Koma mnzako uja ankalimbana atamugwira. Iwe ukulimbana uli padoko. Mugwire, usamutaye."

Pathrose anasendera pafupi. Anawakonzera nsalu imene inagwa paphewa, nakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka.

Anamwalira mmawa wa tsiku lachitatu, Omana akuwapesa tsitsi. Sanabuule, sanafunse funso lililonse. Anthu amene anawadziwa akunjenjemera moyo wonse anadabwa kuona nkhope yosalala chonchija.

Sitinama kuti Pathrose wabwerera mumpingo. Sanabwerere, ndipo akakumana ndi akomiti ya mpingo amawauzabe zakukhosi. Koma tsiku la maliro, bwato litakocheza, anagwira bokosi mbali yakumutu, nadutsa pakhonde osaima. Pamapemphero, bokosi la watsopano amalitsitsa kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Iye anapitirira nalo, anzake onyamula akumutsatira mwamantha, mpaka kutsogolo kwenikweni, pamene pamagona maliro a mabanja akale. Analitsitsa pamenepo, naimirira pambali pake manja atapinda. Mkulu wina wa komiti anadzuka, nayang'ana Abambo Skaria. Abambo Skaria anatsegula buku n'kuyamba mapemphero. Mkuluyo anakhala pansi.

Mulungu wa Abrahamu, wa Isake ndi wa Yakobo, landirani Rahel mwana wa Chothi, ndipo ife otsala mutiphunzitse manyazi.